Chifuwa chosamva makapisozi: tidziwe kachirombo ka mikoplasima

Mwezi wa Juni ukalowa, kuno kumapiri a Tsangano sitifunsa kalendala. Mphepo imatiuza yokha. Usiku timatseka zitseko ndi mawindo, tizibowo tomwe n'kutseka ndi nsanza, ana n'kugona mothithikana pafupi ndi moto. Ku Ntengo-wa-Mbalame, ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo n'chimodzimodzi. Iyi ndiyo nyengo imene chifuwa chimayenda khomo ndi khomo.

Tiyerekeze kuti ndi pakhomo panu, inu owerenga. Mwana wanu wa zaka 11 wabwera kusukulu akudandaula mutu ndi pakhosi. Thupi lafunda pang'ono. Mwaganiza malungo. Mwapita naye ku Centro de Saúde, amubaya chala, malungo sanapezeke. Patapita masiku atatu wayamba kutsokomola chifuwa chouma, chopanda makhololo. Masana akuyenda bwinobwino, akuthandiza kukumba kachewere kudimba. Koma usiku nyumba yonse sigona. Tsiku la msika mwagula makapisozi kwa munthu woyala pansi. Mwana wamwa, makapisozi atha, chifuwa chilipobe. Patha masabata atatu, mlongo wake naye wayamba. Kenako bambo ake.

Apa mpamene pamabuka mawu ambiri. Agogo akuti ndi tsempho, wina sanasunge mwambo. Aneba akunong'ona kuti ndi chifuwa chachikulu. Ena akuti mwanayo wachita kuponyeredwa. Ndalama ya feteleza ikuthera kumsika ndi kwa asing'anga, ndipo m'banja mwayamba kukayikirana.

Chifuwa chotere chimabwera ndi zinthu zambiri. Lero tikambirana chimodzi mwa izo, chimene ambiri a ife sitinamvepo dzina lake. M'Chipwitikizi amalemba kuti micoplasma. Ife titchule pang'onopang'ono: mi-ko-pla-si-ma.

Dzira lopanda chigoba

Mikoplasima ndi kachirombo ka m'gulu la mabakiteriya. Ndi kakang'ono kwambiri kuposa mabakiteriya ena. Tizirombo mazanamazana tingandande pa milimita imodzi ya rula ya mwana wasukulu. Mitundu yake ndi yoposa 100. Ina imakhala mwa anthu, ina mwa nkhuku, ina mwa ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba. Kawirikawiri mtundu uliwonse uli ndi kwawo. Wa nkhuku umadwalitsa mbalame, wa ng'ombe umadwalitsa ng'ombe.

Inu amene mumaweta nkhuku mudaonapo dzira lofewa, loikidwa lopanda chigoba, lokutidwa ndi kachikopa kokha. Mikoplasima ali ngati dzira limenelo. Mabakiteriya ambiri ali ndi chigoba cholimba kunja. Mankhwala monga penisilini ndi amoxicilina amapha bakiteriya poononga chigobacho. Tsono mikoplasima alibe chigoba. Mankhwala aja akafika, sapeza choswa. N'chifukwa chake munthu angamwe makapisozi a amoxicilina mpaka kutha, kachiromboka osamva kanthu. Bactrim nayenso sakapha.

Musamve molakwa. Amoxicilina ndi mankhwala abwino kwambiri. Chibayo chimene chimapha ana aang'ono ambiri chimabwera ndi mabakiteriya ena, okhala ndi chigoba, ndipo amoxicilina amawagonjetsa. A APE akumudzi kwanu kapena a enfermeiro akapatsa mwana amoxicilina, mumwetseni monga akuuzirani mpaka atha. Amene mumamwa Bactrim tsiku ndi tsiku chifukwa cha HIV, musasiye. Mfundo ndi yakuti mankhwala amodzi sapha tizirombo tonse, ndipo wogulitsa kumsika sangadziwe kachirombo kamene kali m'chifuwa mwanu.

Mwa anthu, mitundu iwiri ndiyo yofunika kuidziwa. Woyamba umakhala m'njira ya mpweya ndi m'mapapo. Dzina lake ndi Mycoplasma pneumoniae. Wachiwiri umakhala kumaliseche ndipo umafala pogonana. Dzina lake ndi Mycoplasma genitalium.

Chibayo choyenda nacho

Mtundu wa m'mapapo unapezeka ku America mu 1944 ndi dokotala wina dzina lake Monroe Eaton. Poyamba anthu ankaganiza kuti ndi vairasi, chifukwa kanali kakang'ono zedi ndipo penisilini sankakagwira. Mu 1962 ndi pamene anatsimikiza kuti ndi mikoplasima.

Kachiromboka kamayenda m'timadontho ta malovu munthu akatsokomola kapena kuyetsemula. Sikathamanga ngati chimfine. Kamafuna anthu okhala pamodzi nthawi yaitali: a m'nyumba imodzi, a m'kalasi imodzi, ana ogonera kusukulu, asilikali, akaidi. Kakalowa m'thupi kamatenga sabata imodzi mpaka masabata anayi munthu asanayambe kudwala. N'chifukwa chake pakhomo matendawa amachita kulandizana pang'onopang'ono, uyu lero, winayo patapita masabata, mpaka anthu kuganiza kuti pali dzanja la munthu.

Amene amagwidwa kwambiri ndi ana a msinkhu wa sukulu ndi achinyamata, koma wina aliyense angadwale. Zizindikiro zimayamba mozemba: kufooka, mutu, zilonda za pakhosi, kutentha thupi pang'ono. Kenako chifuwa chouma chimene chimakulirakulira ndi kuvuta usiku. Ena amamva kuwawa m'nthiti chifukwa chotsokomola, ena khutu limawawa. Ana osakwana zaka 5 nthawi zambiri amaoneka ngati ali ndi chimfine: mamina, kuyetsemula, misozi, kupuma kwa mluzu, mwina kusanza ndi kutsekula m'mimba.

Ambiri sagona nacho pamphasa. Amapitabe kumunda, kusukulu ndi kumsika. Ndiye chifukwa chake madokotala amati ndi chibayo choyenda nacho. Anthu ambiri amachira okha, ngakhale chifuwa chimatha kukhalitsa masabata angapo, mwina kupitirira mwezi. Koma ena chimawagwira mwamphamvu mpaka kugonekedwa m'chipatala, makamaka okalamba, odwala mphumu, ana a matenda a siko selo ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika.

Matendawa ali padziko lonse, ndipo amabwera ngati mafunde. Pakapita zaka zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri odwala amachuluka, kenako n'kucheperanso. Kumapeto kwa chaka cha 2023 zipatala za ana kumpoto kwa China zinadzaza ndi odwala chifuwa, ndipo mikoplasima anali m'gulu la zoyambitsa. Nthawi yomweyo odwala anachulukanso ku Denmark ndi maiko ena a ku Ulaya. Katemera wake palibe. Katemera wa chibayo amene ana athu amalandira kusikelo, yemwe anayamba kuno ku Mozambique mu 2013, ndi wa kachirombo kena. Ndi wofunika kwambiri, koma sateteza ku mikoplasima.

Zooneka ndi maso

Nthawi zina nkhondo sithera m'chifuwa. Thupi likamalimbana ndi kachiromboka, asilikali a m'thupi amatha kusokonezeka n'kuyamba kuvulaza thupi lomwe akuliteteza. Apa mpamene pamaoneka zizindikiro zakunja. Sizichitika kwa ambiri, koma ndi bwino kuzidziwa.

Choyamba ndi totupa pakhungu. Tingakhale tating'ono ngati chikuku, kapena zigamba zozungulira zokhala ndi kadontho pakati. Pa khungu lakuda tingaoneke toderapo, ndipo nthawi zina timamveka bwino ndi dzanja kuposa kuoneka ndi maso.

Chachiwiri ndi choopsa: zilonda m'kamwa ndi pamilomo. Mwana amene wakhala akutsokomola kwa sabata imodzi amayamba kutupa milomo. Milomo imang'ambika, imachita nkhanambo zakuda, m'kamwa monse muli zilonda, akukana kudya ndi kumwa. Maso afiira, akutuluka manthongo, zikope zikumatana. Nthawi zina zilonda zimatulukanso kumaliseche. Izi zimachitika makamaka kwa ana okulirapo ndi achinyamata. Mukaona zotere, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musathire mankhwala a zitsamba, madzi a shuga, mkaka wa m'mawere kapena mkodzo m'maso. Maso angaonongeke osachiranso. Tengani mapepala ndi timatumba ta mankhwala onse amene wodwalayo wamwa, chifukwa mankhwala ena, monga Bactrim, Fansidar ndi ena a khunyu, amatha kubweretsa zilonda zofanana ndi zimenezi. A chipatala ayenera kudziwa kuti asiyanitse.

Chachitatu ndi kuchepa magazi. Tsegulani chikope cha m'munsi, onani zikhatho ndi lilime. Ngati zayera, kapena maso achita chikasu, kapena mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, ndiye kuti magazi akuphwanyika. Malungo nawo amachita zomwezi, choncho ndi zofunika kuyezetsa msanga.

Chachinayi ndi cha apo ndi apo: kutupa ndi kuwawa kwa mfundo za mafupa, kufooka kwa miyendo, kuuma khosi, kubalalika mutu kapena kukomoka. Izi ndi za chipatala, usiku kapena usana.

Werengani mpweya wa mwana

Pali ntchito imodzi imene inu amene mukuphunzira kuwerenga manambala mungaichite bwino lomwe. Mwana akadekha, mukwezeni malaya. Ikani foni kapena wotchi pafupi. Werengani kuti mimba ikukwera kangati pa mphindi imodzi yathunthu.

Khanda losakwana miyezi 2 likapuma ka 60 kapena kupitirira, likupuma mothamanga. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11, malire ndi 50. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, malire ndi 40. Kupuma mothamanga pamodzi ndi chifuwa ndi chizindikiro cha chibayo, kaya chabwera ndi kachirombo kanji.

Musadikire kucha ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati mwana akamakoka mpweya, ngati akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akukomoka, kapena akungogona osadzuka. Pamenepo funani njinga, njinga yamoto kapena chapa.

Masabata awiri: kayezetseni makhololo

Mverani bwino apa. Dziko lathu lili m'gulu la maiko amene chifuwa chachikulu, TB, chili chochuluka. Choncho chifuwa chikafika masabata awiri, funso loyamba si la mikoplasima ayi. Funso loyamba ndi la TB. Ngati muli ndi HIV, musadikire n'komwe masabata awiriwo. Pitani mukapereke makhololo. Kuyeza ndi mankhwala a TB ndi zaulere m'zipatala za boma, ndipo TB imachira munthu akamwa mankhwala miyezi yonse imene wauzidwa, kawirikawiri isanu ndi umodzi. Kuonda, thukuta la usiku, kutentha thupi madzulo ndi magazi m'makhololo ndi zizindikiro zimene siziyenera kuchedwetsedwa.

Makolo athu adaona kalekale kuti pali chifuwa chimene chimaondetsa munthu ndi kumutupitsa miyendo, ndipo adachitcha tsempho kapena mdulo. Zizindikiro zimene iwo ankaona ndi zenizeni. Koma zizindikiro zomwezo zimapezeka mwa wodwala TB, HIV, matenda a mtima kapena kusowa zakudya. Ngati banja lafuna kukhala pansi ndi akuluakulu, tsiku lomwelo makhololo apite kuchipatala. Kuyezetsa sikunyoza mwambo, ndipo kumachotsa mlandu pa mayi kapena bambo amene akanalozedwa chala popanda chifukwa.

Nanga mikoplasima amamupeza bwanji? Kuyeza kwake kumafuna makina a m'malabotale akuluakulu. Pa chipatala chaching'ono a enfermeiro amadalira nkhani yanu ndi zimene akumva m'chifuwa. Choncho nkhani yanu ndi yofunika kwambiri. Auzeni tsiku limene chifuwa chinayamba, amene akutsokomolanso pakhomo, ndi mankhwala amene mwamwa kale, ngakhale ogula kumsika. Musachite manyazi. Akaona kuti malungo palibe, TB palibe, ndipo amoxicilina sanathandize, angasankhe mankhwala a mtundu wina, monga azitromicina, eritromicina kapena doxiciclina. Akaona kuti nkhani yakula, adzakulemberani kalata yopita kuchipatala chachikulu, monga ku Ulónguè kapena ku Tete.

Musathamangire kukagula nokha maina amene mwawerengawa. Doxiciclina sapatsidwa kwa amayi oyembekezera. Mankhwala ena, monga ciprofloxacina ndi abale ake, amatha kuziziritsa TB kwa kanthawi osaichiza, munthu n'kuchedwa kuyezetsa uku akupatsira ana ake. Komanso mankhwala akamamwedwa mwachisawawa, tizirombo timawazolowera. Ku China ndi ku Japan mikoplasima wambiri wa m'mapapo samvanso azitromicina.

Mtundu wachiwiri: nkhani ya akuluakulu

Tsopano tikambe za m'nyumba, mwaulemu koma mosabisa. Mycoplasma genitalium anapezeka ku London cha m'ma 1980 mwa amuna awiri amene ankamva kuwawa m'njira ya mkodzo. Amafala pogonana popanda kondomu. Safala pogwirana chanza, podyera mbale imodzi kapena pogwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi.

Anthu ambiri amene ali naye sadziwa, chifukwa samva kalikonse. Abambo ena amamva kutentha pokodza, kuyabwa m'njira ya mkodzo, kapena kuona timadzi tikutuluka, kawirikawiri tochepa kuposa mafinya a chinzonono. Amayi ena amaona chikazi chachilendo, kuwawa m'munsi mwa mchombo, kuwawa pokhala malo amodzi ndi bambo, kapena magazi pamene si nthawi ya kumwezi.

M'zipatala zathu matenda opatsirana pogonana amachizidwa poona zizindikiro. Mumalandira mankhwala angapo nthawi imodzi, olimbana ndi tizirombo todziwika kwambiri. Koma zimachitika kuti munthu wamwa mankhwala onse, patapita masabata zizindikiro n'kubwereranso. Zifukwa zazikulu ndi ziwiri. Mwina mnzake wa pamphasa sanalandire mankhwala, ndiye akungobwezerana. Kapena ndi kachirombo kouma mutu, ndipo mikoplasima ndi mmodzi wa otero. M'maiko ambiri akuzolowera azitromicina. Choncho bwererani kuchipatala komweko, nonse awiri, ndi kapepala kanu kakale. Pewani kugonana mpaka nonse mutamaliza mankhwala.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu ndi ichi. Mwa amayi, kachiromboka kamatha kukwera kuchokera pakhomo la chiberekero kufika m'chiberekero ndi m'timachubu todutsa mazira. Kutupa kwa m'menemo, kaya kwabwera ndi chinzonono, klamidiya kapena mikoplasima, kumasiya zipsera zimene zingatseke njira. Ofufuza apeza kuti amayi okhala ndi kachiromboka amakumana kawirikawiri ndi kupita padera, kubereka masiku asanakwane ndi kuvutika kutenga pakati. Tonse tikudziwa kuti mwana akachedwa pabanja, mlandu umagwera mayi. Komatu kachirombo kangakhale kanabwera ndi bambo amene samva kuwawa paliponse. Bambo, kuperekeza mayi kuchipatala ndi kulandira nawo mankhwala ndi kusamala mbumba yanu.

Palinso za HIV. Kafukufuku wa amayi a ku Zimbabwe ndi ku Uganda, amene anasindikizidwa mu 2012, anapeza kuti amayi okhala ndi mikoplasima ameneyu ankatenga HIV mosavuta kuposa anzawo. Aliyense wopezeka ndi matenda opatsirana pogonana ayezetsenso HIV. Kondomu imateteza ku zonse ziwiri.

Kodi ndiye gwero la matenda a mgonagona?

Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda mauthenga onena kuti mikoplasima ndiye chinsinsi cha matenda onse okhalitsa: kutopa kosatha, nyamakazi, kuwawa thupi lonse, ngakhale khansa. Kumapeto kwa uthenga kumakhala munthu wogulitsa botolo. Tiyeni tisankhe ngati posankha nyemba, zabwino uku, zofumbwa uko.

Zotsimikizika ndi izi. Mikoplasima wa m'mapapo amadzutsa mphumu mwa munthu amene ali nayo kale. Mwa ana ochepa amene anadwala chibayo chachikulu, mapapo amatsala ndi zipsera zimene zimavutitsa kupuma kwa nthawi yaitali. Mikoplasima wa kumaliseche amatha kukhala m'thupi miyezi yambiri osachoka, ndipo angaononge njira ya uchembere.

Zimene zikufufuzidwabe ndi izi. Kachiromboka kamapezeka kawirikawiri mwa odwala mphumu kuposa mwa anthu ena, ndipo ana ena amayamba mphumu atadwala chibayo chotere. Akatswiri akukambiranabe ngati ndiko kamayambitsa mphumu, kapena kamangokonda mapapo amene ali kale ofooka.

Zimene zinayesedwa n'kulephera ndi izi. Itatha nkhondo ya ku Gulf ya 1991, asilikali ambiri a ku America ankadandaula kutopa, kuwawa thupi ndi kuiwalaiwala. Ena anati ndi mikoplasima. Boma lawo linayesa pa asilikali akale 491. Theka linamwa doxiciclina kwa miyezi 12, theka linamwa mapiritsi opanda mankhwala. Zotsatira zinatuluka mu 2004: amene anamwa doxiciclina sanachire kuposa anzawo, ndipo ambiri anavutika ndi mseru ndi kupsa khungu padzuwa. Chimodzimodzi mu 1990, Luc Montagnier wa ku France, mmodzi wa amene anatulukira HIV, anaganiza kuti mikoplasima amathandizira kuyambitsa Edzi. Kafukufuku wotsatira sanavomereze ganizolo. Edzi imabwera ndi HIV, ndipo ma-ARV ndiwo amasunga moyo.

Dziwaninso kuti mitundu ina ya mikoplasima imakhala mwa anthu ambiri athanzi osawadwalitsa. Kupeza munthu pamaliro sikutanthauza kuti ndiye wapha. Ngati mwakhala mukudwaladwala kwa miyezi, yambani ndi zimene zimayezeka pafupi ndiponso zili ndi mankhwala: TB, HIV, shuga, kuthamanga kwa magazi, kuchepa magazi, mphumu. Onaninso utsi wa m'khitchini, fodya wosuta, ndi fumbi la m'chigafa kwa inu alimi a fodya a ku Macanga. Zonsezi zimakhalitsa chifuwa.

Kukhola nakonso aliko

Mbiri ya mikoplasima inayambira kukhola. Woyamba kudziwika anali wa ng'ombe. Akatswiri awiri a ku France, Edmond Nocard ndi Émile Roux, anamupeza mu 1898. Amabweretsa chibayo choopsa cha ng'ombe. Matendawa anafika ku South Africa pa sitima ya pamadzi yochokera ku Holland m'zaka za m'ma 1850, napha ng'ombe zoposa 100,000 m'zaka ziwiri. Mu 1995 anabuka kumpoto kwa Botswana, ndipo boma linapha ng'ombe pafupifupi 320,000 kuti liwathetse. Kumadzulo kwa Zambia, kumalire ndi Angola, akhala akuvuta alimi kwa zaka zambiri. Ng'ombe yooneka yochira imatha kusunga kachirombo m'mapapo n'kupatsira zinzake. Ndicho chifukwa chake a zoweta amafuna chikalata ng'ombe isanasamuke dera. Ife a m'malire, amene timagula ndi kugulitsa mbali zonse ziwiri, tisaone chikalatacho ngati chovutitsa.

Wapafupi kwambiri ndi wa nkhuku. Nkhuku imatupa nkhope, m'maso mumachita thovu, mphuno ikuchucha, ikupuma mokolora, mazira achepa, anapiye sakukula. Si chitopa ayi. Chitopa chimapululutsa khola m'masiku ochepa, pamene mikoplasima amadwalitsa pang'onopang'ono ndipo amakhalitsa. Amadutsanso m'dzira kuchoka kwa thadzi kupita kwa mwanapiye. Katemera wa chitopa wodontheza m'diso ndi wofunika, koma ndi wa chitopa chokha. Mukagula nkhuku ku Lizulu, ku Biriwiri kapena pamsika wina uliwonse, isungeni payokha masabata awiri kapena atatu musanaiphatikize ndi zinzake. Zikadwala, funsani alangizi a ku SDAE.

Mikoplasima wa nkhuku ndi wa ng'ombe si amene akutsokomoletsa mwana wanu. Komabe musamwe mankhwala a ziweto, ndipo musapatse nkhuku makapisozi otsala a anthu.

Zochita pakhomo

Tibwerere kwa mwana uja wa zaka 11. Chifuwa chapitirira masabata awiri, choncho apite akayezedwe TB, pamodzi ndi mlongo wake ndi bambo ake. Mayi atenge timatumba ta makapisozi aja akaonetse. Akapatsidwa mankhwala, amwe onse, osagawana ndi wina, osasungako ena.

Pakhomo, dzuwa likatuluka tsegulani zitseko ndi mawindo, mphepo idutse, ngakhale kukuzizira. Yanikani zofunda. Wotsokomola atsokomolere m'kati mwa chigongono kapena pansalu, osati m'manja. Sambani m'manja ndi sopo. Ngati malo alipo, wodwala asagone mphasa imodzi ndi khanda kapena agogo. Chepetsani utsi m'nyumba yogona, ndipo musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wake umapha. Wodwala amwe madzi ambiri ndi phala, adye ndiwo zamasamba ndi zipatso. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Papepala kapena pakalendala, lembani tsiku limene chifuwa chayamba. Mukafika kuchipatala simudzanena kuti "kalekale", mudzanena kuti "pa 12 Juni".

Mawu atsopano

Mikoplasima: bakiteriya wamng'ono wopanda chigoba.
Bakiteriya: kachirombo kosaoneka ndi maso, kena kamadwalitsa, kena ayi.
Chibayo: matenda a m'mapapo, m'Chipwitikizi pneumonia.
Chifuwa chachikulu: TB, m'Chipwitikizi tuberculose.
Mphumu: matenda obanika popuma, m'Chipwitikizi asma.
Chizindikiro: chimene chimaonetsa kuti munthu akudwala, m'Chipwitikizi sinal kapena sintoma.

Kambiranani m'kalasi

1. N'chifukwa chiyani amoxicilina sapha mikoplasima? Fotokozani ndi chitsanzo cha dzira.
2. Mwana wa miyezi 8 akupuma ka 54 pa mphindi imodzi ndipo akutsokomola. Muchita chiyani?
3. Chifuwa chayamba pa 3 Julayi. Masabata awiri akwana pa deti yanji?
4. Kwanuko, munthu akatsokomola nthawi yaitali, anthu amati chiyani? Mungalankhule nawo bwanji akuluakulu kuti wodwala akayezedwe popanda mkangano?
5. Lembani ziganizo zitatu zimene mungauze a enfermeiro za chifuwa cha mwana wanu: chinayamba liti, wina akudwala ndani, ndipo wamwa mankhwala anji.